Mkulu Wowerenga Mabelu

Mumsewu mwathu muno mu Chicago muli mkulu wina amene anakalambira mu ofesi ya ozimitsa moto, kale uthenga ukuyenda ndi belu. Likagunda kawiri, n'kupumira, kenako kakhumi ndi kamodzi, ndiye kuti moto wakula, onjezani magalimoto. Likayamba ndi kasanu m'malo mwa kawiri, ndiye kuti zafika poipa.

Lero makutu anatha. Akazi awo akaitana, iwo ali duu. Koma kanthu kakangoti ngwee, milomo yayamba kale kuwerenga. "Pakamwa pamanama," amatero, "belu silinama."

Paukwati wa mdzukulu wawo, mlamu wina anayamba kugogoda tambula ndi supuni, monga timachitira tikafuna kuti akwati apsompsonane. Anagogoda kasanu, n'kupumira, n'kuyambanso. Atafika pa khumi ndi kamodzi, mkuluyo anadzambatuka.

"Tulukani nonse! Osathamanga!"

Anthu mazana awiri anakaima panja pa chipale chofewa, mkwatibwi akunjenjemera ndi chisanu.

Akazi awo sanakalipe. Anangowayang'anitsitsa.

"Bambo inu, zaka zonsezi ndakhala ndikusasa mawu pachabe?"

Masiku ano zinyalala zikadzaza kuti zikatayidwe, mayiwo amangotenga supuni ndi poto n'kugogoda. Mkuluyo amatulukira ali wefuwefu, nsapato zili m'manja.