Mpingo Wonse Unadziwa, Kupatula Ine

Lachisanu lapitali amayi anandikazingira dzira.

Mwina kwanu imeneyi si nkhani. Kwathu kumalayini a esiteti, mazira a nkhuku yathu ndi oti aswe anapiye, osati kudya. Koma nditabwera kusukulu ndinalipeza m'mbale, lovindikira bwinobwino. Amayi anali atabwerako kale kumunda wa tiyi, nthawi yoweruka isanakwane.

"Idya, Tadala," anatero. "Kumadzi usapite, ndatunga kale."

"Kwagwanji, amayi?"

"Kugwa chiyani? Munthu osadya dzira kodi?"

Ababa atafika, awiriwo anayamba kulankhula Chilomwe kuseri kwa nyumba. Ine Chilomwe ndimangomva moni ndi mawu ondikalipira. Makolo anga akudziwa zimenezi, ndipo amachitulutsa akafuna kuti ndisamve kanthu. Dzira lija ndinadya, koma silinatsike bwino.

Amene mumawerenga tsamba lino mlungu ndi mlungu mukudziwa kuti ndinabadwa ndi sikoselo. Kwa atsopano ndifotokoze: ndi matenda a magazi, sapatsirana, komanso sachoka. Masiku ambiri ndimakhala bwino, ndimalimbana ndi masamu a Fomu 3 ngati wina aliyense. Koma kukazizira, kapena ndikatopa, kapena mtima ukasokonezeka, ululu umalowa m'mafupa ngati wina akukhomamo misomali. Nyengo ino ya chiperoni, nkhungu ikaphimba minda kuyambira m'mawa, amayi amandiyang'ana kuposa mmene amayang'anira mphika pamoto.

Ndikuuzeninso za achemwali Enifa. Sanali achemwali anga enieni. Anali telala pamsika wa pageti la esiteti, woimba alito mukwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo nawonso anali ndi sikoselo. Tinazolowerana pabenchi la kukiliniki ku Boma, ine ndili ku pulayimale.

"Iwe kamtsikana, imwa madzi," ankatero akundikankhira botolo. "Magazi athuwa ndi aulesi, amafuna owathamangitsa."

Tsiku lina ndinawauza zimene ndinamva mayi wina akunena pampopi, zoti ana ngati ine safika patali. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ine anandiuza kuti Sitandade 8 sindidzaiona. Pano ndili ndi zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana a anthu omwewo madiresi awo aukwati ndasoka ndine. Ena mpaka kudzandipempha kuti ndikulitse m'chiuno!"

Kuyambira pamenepo, mantha akandigwira ndinkadzera dala kugeti pochokera kusukulu. Sindinkalowa nthawi zonse. Ndinkangofuna kumva makina awo akulira. Akamalira, ndinkadziwa kuti nanenso ndikhoza kukula.

Loweruka m'mawa tinapita kutchalitchi, popeza ife timapemphera pa Sabata. Kwaya itaimirira, malo a achemwali Enifa anali opanda munthu. Ndinafunsa mayi Likoswe, amene amatiphunzitsa kalasi ya achinyamata.

"Ali kuchipatala, mwanangu," anayankha akuyang'ana nsapato zawo.

Aliyense ankandipatsa moni wa manja awiri, wochedwa kusiya. Anzanga amene timanong'onezana nthawi zonse anangoti zii. Bambo wina wachikulire anavula jekete lake n'kundifunditsa, ine ndisanadandaule kuti ndikumva kuzizira. Munayamba mwakomeredwapo mtima mpaka kuchita mantha? Ndinkangotembenuka pabenchi, osamva n'komwe phunziro.

Phunziro litatha, nthawi ya zolengeza isanayambe, amayi anandinong'oneza.

"Ndikukayika ngati chitseko ndinakhoma. Thamanga ukaone. Ayi, usathamange, yenda pang'onopang'ono. Ukafika ukhale komweko, kuno kukuzizira."

Ndinanyamuka. Njira yachidule yopita kumalayini imadutsa pakati pa munda wa tiyi, kutsika mpaka kukamtsinje n'kukweranso. Nkhungu inali isanachoke, ndipo m'njiramo munalibe munthu.

Amene anakonza zonditulutsa anaiwala chinthu chimodzi. Chaka chatha achinyamata tinagula sipika n'kuipachika padenga la tchalitchi kuti okalamba amene sangakwere chitunda azimvera ulaliki ali pakhomo. Sipika imeneyo imamveka mpaka kufakitale.

Ndili pakati pa munda ndinamva amkulu ampingo akuyesa maikolofoni, kenako anayamba.

"Abale ndi alongo, mlongo wathu Enifa anagona tulo dzulo m'mawa kuchipatala. Popeza lero ndi Sabata, tikaika mawa kwawo ku Thekerani. Lole ya esiteti inyamukira pageti."

Ndinaima. Ndipo mawu aja anapitiriza, akumveka phiri lonse:

"Tikupemphanso, abale, mwana wathu uja wa a Makwinja asauzidwe kaye. Mukudziwa mmene alili."

Mwana wa a Makwinja ndine.

Ndinakhala pansi pakati pa mitengo ya tiyi, padothi lonyowa. Ndinafuna kupemphera koma mawu anathawa. Ndinkangoti, "Ambuye, Ambuye," osadziwa chowonjezera. Panalibe wondigwira dzanja. Panalibe wondiuza kuti dzuka, pamenepo pakuzizira. Ululu ukanandigwira pomwepo, akanandipeza nthawi yanji? Onse amene amandikonda anali m'tchalitchi, akuimba, mitima ili m'malo kuti anditeteza.

Nditafika kunyumba ndinapeza chitseko chokhoma ndithu.

Tsono ndifunse, abale anga owerenga. Chizolowezi chimenechi tinachitenga kuti?

Si ine ndekha. Munthu wa BP sauzidwa kuti mchimwene wake wamwalira, amangomukweza minibasi n'kumuuza kuti tikukaona wodwala. Wa shuga amamubisira foni. Mayi woyembekezera amaona anthu akusintha nkhani iye akangotulukira. Mnzanga wina kusukulu analemba mayeso onse a temu, n'kukapeza kwawo manda a agogo ake atamera kale udzu. Timati n'chikondi, ndipo sindikukana, n'chikondidi. Palibe amene ananditulutsa m'tchalitchi chifukwa chondida.

Koma nkhani yoipa sifa chifukwa choti mwaibisa. Imafika ndithu. Imadzera pafoni ya mnzako, kwa kondakitala wa minibasi, kwa mayi wogulitsa nthochi amene akuganiza kuti unamva kale. Obisa sasankha zoti umve kapena usamve. Chimene amasankha, mosadziwa, n'choti udzamve uli wekha, pamalo olakwika, kuchokera kwa munthu amene sangakukumbatire.

China chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti tonsefe ndife Akhristu. Sabata lililonse timaphunzira kuti Mulungu amakhala pafupi ndi ofooka. Nanga bwanji tsiku lofooka likafika, timaganiza kuti Iye ndi ine sitingathe kunyamula nkhaniyo limodzi? Mpingo wonse unayesetsa kusanama. "Ali kuchipatala." Inde, analidi kumeneko, m'chipinda chozizira chija. Kodi mawu otere kumwamba amawerengedwa kuti ndi oona?

Ndimakumbukira kuti Yesu, bwenzi lake litamwalira, anayamba ndi mawu ofewa pouza ophunzira ake. Ataona kuti sakumvetsa, anawauza mosabisa. Kenako anawatenga n'kupita nawo kumanda, ndipo kumeneko Iye mwini analira. Sanatume aliyense kukaona chitseko.

Musaganize kuti ndikulemba ngati munthu wolimba. Tsiku limenelo ndinazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinatsegula Baibulo n'kulitseka. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira amkulu ampingo, ndipo kwa kanthawi ndinakwiyira Mulungu. Ngati munthu amene ankamwa madzi, kuvala masokosi, kupita kukiliniki mosajomba ndi kuimba mukwaya wapita, ine ndikudikira chiyani?

Makolo anga anafika masana, nkhope zokonzeka kumwetulira.

"Ndamva, amayi," ndinatero ndili pakhomo. "Sipika."

Amayi anakhala pansi pakhonde, nsapato za kutchalitchi osavula. Ababa anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali.

"Mawa ndikupita nawo ku Thekerani."

"Sukupita," amayi anayankha msanga. "Pa lole, pamphepo, msewu wake umenewo? Ukufuna tiike awiri?"

"Anali mnzanga, amayi."

"Iwe ukadwala umakuwa, koma sudziona. Amene ndimakuona ndine. Ndine ndimakubereka kumbuyo kupita kumsewu, msinkhu wonsewo. Ndiye ndidzitengere ndekha mawu oti akugwetse, n'kukuuza ndi pakamwa panga?"

Zimenezo sindinaziganizirepo. Nthawi yonseyi ndinkaona mantha anga okha.

Ababa salankhula kwambiri. Koma tsiku limenelo anati, "Amake Tadala, mwanayu akakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ndikalankhula naye."

"Nanga akadwala?"

"Akatsala muno yekha akulira, sadwala? Tayesa kale njira yathu, mwaona kumene yamufikitsa."

Lamlungu ndinapita, nditakulungidwa m'bulangeti ngati katundu wosweka, botolo la madzi pamiyendo. Kumaliro, amayi awo a achemwali Enifa anandiyang'anitsitsa n'kundikokera pafupi.

"Ndiwe Tadala uja? Ankakutchula. Ankati uli ndi makani ngati iyeyo."

Apo ndiye ndinalira kwenikweni, kulira kwa pagulu, pamene wina akukusisita kumsana ndipo wina akukuimbira. N'kosiyana kwambiri ndi kulira kwa m'munda wa tiyi.

Sindikubisirani, popeza nkhani yonseyi ndi ya kusabisa: Lolemba ululu unabwera. Unayambira m'maondo n'kukwera kumsana, ndipo kusukulu sindinapite. Mayi woyandikana nafe anasuzumira pakhomo n'kunena mokweza, "Mwaona? Si tinanena?" Mwina akunena zoona. Kapena inali mphepo ya pamsewu, kapena chisoni, kapena dothi lonyowa lija ndinakhalapo ndekha Loweruka. Sindingadziwe. Matendawa sasiya kalata yofotokoza chimene abwerera.

Chimene ndaphunzira n'chochepa, koma ndikupatsani. Munthu wodwala matenda osachoka amakhala kale ndi nkhani yoipa m'thupi mwake tsiku lililonse. Sali mlendo ku mantha. Chimene akufuna si kutsekedwa makutu. Mukhazikeni pansi pamalo ofunda. Mankhwala ake akhale pafupi. Muuzeni ndi mawu osavuta, inuyo amene amakukhulupirirani. Akalira, musathamangire kumuuza kuti Mkhristu sadandaula. Khalani naye kaye. Mavesi adzamveka pambuyo pake, makutu akatseguka.

Ndipo kwa anzanga odwala ngati ine: kupemphera kwa mawu amodzi nakonso ndi kupemphera. Ndikukhulupirira kuti kuja ndinkangoti "Ambuye" m'munda muja kunamveka, ngakhale sindinamve yankho.

Lachitatu masana ululu unali utachepa. Amayi ankandithowa miyendo ndi kansalu kofunda. Osandiyang'ana, anati, "Funsa zimene ukufuna kufunsa."

"Anavutika?"

"Anavutika. Chifuwa chinatseka. Koma amayi awo anali pomwepo, atawagwira dzanja."

Panali funso lina limene linkandivutitsa kuyambira Loweruka.

"Nanenso zidzatha choncho?"

Manja awo anaima. Ndinkadikira zimene amanena nthawi zonse, zoti ndisamalankhule zopusa, zoti ndidzakalamba mpaka mano kutha. Anafinya kansalu kaja m'beseni pang'onopang'ono.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Sindikudziwa."

Ndipo analira ine ndikuona, koyamba chibadwire changa. Sanatuluke panja, sananamizire utsi. Ndinadzuka n'kuwagwira mapewa, ine wodwala uja, wosayenera kuuzidwa kanthu. Tinapemphera titagwirana choncho, ndipo linali pemphero loyamba mlungu wonse limene ndinatha kunenera ameni ndi mtima wonse.

Lachinayi ndinabwerera kusukulu. Mantha sanathe, ndipo mwina sadzatha. Koma tsopano m'nyumba mwathu timawanyamula awiri.

Nanga kwanu? Alipo amene mukumubisira nkhani lero chifukwa mumamukonda. Adzamva ndithu, zimenezo musakayike. Tsiku limenelo, mukufuna adzakhale ali ndi ndani?