Kamera Imene Foni Inakana

Ntchitoyo anandipezera a Tembo, mkulu wa ku tchalitchi kwathu ku Laurel, kuno kutsidya kwa nyanja. Anamva kuti kwathu ndinkakonza mafoni pa msika wa Limbe. Ananditengera ku Alexandria, tauni ina yapafupi, pa kashopu ka munthu wina wa ku Ethiopia. Bwanayo sanafunse za sukulu. Anandipatsa foni yosweka galasi, ndinasintha, anati ndiyambe.

Zida zinali zabwino: kamphasa kotenthetsa guluu, sikuludalaiva yonga nyenyezi, maikulosikopu. Ku Limbe foni yakufa sititaya. Timaisunga m'katoni, imachiritsa inzake. Ndinayamba katoni yanga pansi pa tebulo.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi Nambewe, a kwathu ku Thyolo. Ankasamalira gogo wachizungu kunyumba kwake. Kampani yawo inkafuna kuti akafika pakhomo adzijambule nkhope pa foni, apo ayi ndiye kuti sanabwere ku ntchito. Kamera inali itafa.

"Achimwene, abwana andipatsa lero lokha. Mawa gogoyo ampatsa wina. Ndamsambitsa zaka zonsezi, amanditchula mwana wake."

"Khalani apo, mayi. Itheka."

Ndinatenthetsa, ndinatsegula, ndinachotsa batire. M'katoni munali foni ya mtundu womwewo, kamera yake yamoyo. Ndinaisamutsa. Inakhala bwinobwino. Nditayatsa, chithunzi chinaoneka pang'ono n'kuuma osasunthanso. Ndinayesa kamera ina. Chimodzimodzi.

Bwana anasuzumira. "Usavutike. Kamera iliyonse ili ndi nambala, foni imadziwa yake. Pulogalamu yozigwirizanitsa ili ndi opanga okha. Ife satipatsa."

Tinaimbira shopu ya opangawo. Anati malo alipo sabata yamawa.

Mayiwo anayang'ana foni ili gada pa tebulo. "Ndiye foniyi ndi yanga kapena yawo?"

Ndinaitseka, ndinawapatsa. Lamlungu ku tchalitchi ndinamva kuti gogoyo anapatsidwa wina, iwo sanaloledwe n'kukatsazika komwe.

Pano akuti maboma ena a kuno akhazikitsa malamulo okakamiza makampani kugulitsa zida ndi mapulogalamuwo kwa ife okonza. Ndamva. Anali kuti nthawi ija?

Ntchitoyi ndikugwirabe. Manja anga sanalakwe tsiku lija, ndipo n'zimene zimandiwawa. Munthu akabwera ndi foni, mawu oti "itheka" sindinenanso. Ndimayamba ndafufuza ngati amene anaigulitsa analola kuti ichire.