Dzina la Apongozi pa Bolodi

Kwathu ku Nsambe sukulu ya kwacha inkatsegulidwa chisanu chikatha, mapichesi akachita maluwa, ndipo woitseka anali mvula. Ikangogwa yodzalira, palibe ankabweranso kudzakhala pa benchi. Choncho munthu wofuna kudziwa kulemba ankaphunzira diso limodzi lili pa sileti, lina lili kumwamba.

Chaka chimene ndikunenachi, m'zaka zija za chipani chimodzi, amayi anga anaganiza zolowa nawo. Anawautsa mtima ndi kalaliki wa kumsika kumene tinkagulitsa tirigu. Kamnyamata kameneko kanagwira chala chawo chachikulu, kuchiviika mu inki, n'kuchikanikiza papepala osawayang'ana n'komwe kumaso. Amayi anabwera akupukuta chalacho pa chitenje njira yonse. Atafika anati, "Chala changa sichidzagwidwanso ndi mwana wa munthu. Dzina ndi langa, ndidzalemba ndekha."

Vuto linali limodzi, koma lalikulu. Mphunzitsi wa kwacha anali mwamuna wanga.

Iye anachokera ku Zalewa kudzakhala chikamwini pakwathu, ndipo pa za ulemu ankaposa ngakhale eni mudzi. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhala pamodzi, ndipo dzina la apongozi silituluka pakamwa pa mkamwini. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndinaonapo mwamuna wanga akulowa m'chitedze pothawa amayi, n'kumadzikanda masiku angapo osadandaula. Tsono anthu awiri amenewa akanakhala bwanji m'chipinda chimodzi, wina akuitana mayina, wina akuyankha?

Sukuluyo inkachitikira m'tchalitchi chathu chofolera udzu, masana, anthu akaweruka kososa minda. Amayi anapeza nzeru yawo. Anatenga mphasa n'kukayala panja, kuseri kwa khoma, pansi pa zenera. Mwamuna wanga akamaphunzitsa ankakweza mawu ngati akulalikira khomalo. Pa mndandanda wa ophunzira, dzina la amayi linali lomaliza, ndipo ankaliphimba ndi chala, osaliitana.

Ine, amene ndinalekezera sitandade faifi, ndinasanduka mthenga. Ndinkalowa ndi sileti ya amayi, iye n'kuchonga, n'kunena akuyang'ana pansi, "Kawauzeni kuti chilembochi achinenepetseko." Ndikatuluka, amayi ankati, "Kawauze akamwini asamathamange, palibe njuchi zikutilondola." Sileti ikakhala ndi dzina lenilenilo la amayi, mwamuna wanga ankatembenukira kumbali n'kundiuza kuti, "Imeneyo chongani ndinu, mayi." Ndinali ndi pakati potopa, miyendo yotupa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka mutu kuwawa. Kunena zoona, onse awiri ankandikwiyitsa. Tsiku lina ndinati, "Amayi, bwanji mungolowa? Ku Boma anzanu amadyera pamodzi ndi akamwini awo." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena, "Iwe, ulemu si malaya oti kukatentha n'kuvula."

Masiku nawo ankatithawa. Ena ankadyedwa ndi magule, chifukwa atcheyamani a chipani akati amayi onse akayeserere nyimbo, sukulu inkayamba yaima. Ena ankadyedwa ndi maliro. Chizimalupsa chitagwa, fungo la dothi linalowa mpaka m'tchalitchi, ndipo ambiri anayamba kujomba kukamaliza mizere. Amayi sanajombe. Ankalawirira kumunda, masana n'kukhala pansi pa zenera lawo, madzulo n'kumalemba ndi kamtengo pabwalo, nkhuku zikufufuta pambuyo pawo. Ine mtima sunkakhala pansi. Mtambo uliwonse wodutsa ndinkauyang'ana ndi diso loipa.

Kenaka unafika uthenga woti bwana wa zachitukuko abwera kuchokera ku Boma kudzayesa ophunzira ndi kupereka masatifiketi. Atcheyamani anabwera okha kudzakonza zinthu, ndipo ataona amayi pa mphasa yawo analankhula mokweza kuti aliyense amve. "Wophunzira ndi amene waitanidwa dzina, n'kulowa, n'kulemba pa bolodi. Wokhala kunja ndiye kuti akukana chitukuko." Masiku amenewo mawu oti kukana chitukuko sanali oseweretsa.

Kunyumba ndinamunyengerera mwamuna wanga. "Bambo, tsiku limodzi lokha, ingotchulani dzinalo. Simufa ayi."

"Mayi, lilime langa silingathe," anayankha.

Ndinapita kwa amayi. Anati, "Ukawauze asavutike mtima, ndidzangokhala pakhomo." Koma ankanena zimenezo akusisita sileti ija pamiyendo. Ndinabwerera ndikulira ndi mkwiyo. Nyengo yonse ya kutentha ndinayenda uku ndi uku ndi mimba yanga, kuti zithere pamenepa?

Tsikulo kunacha kotentha modabwitsa, mitambo yakuda itaunjikana kumapiri. Bwana uja anatsika m'galimoto akuyang'ana kumwamba, chifukwa msewu wa kwathu mvula ikagwa galimoto imagona m'matope. Anati tifulumire. Nditasuzumira pazenera ndinaona amayi abwera ndithu, atavala chitenje chawo cha ku mapemphero, atakhala pamalo pawo pomwe paja.

Mwamuna wanga anayamba kuitana mayina. Woitanidwa ankapita kutsogolo kukalemba dzina lake, bwana n'kuwerenga, mphunzitsi n'kufufuta kuti wina alembe. Zinayenda bwino mpaka pa dzina lomaliza. Pamenepo anaima.

"Aphunzitsi, pitirizani," anatero bwanayo.

"Otsatira ndi amene anandiberekera mkazi."

Ena anaseka atagwira pakamwa. Bwanayo sanali wa kuno ndipo sanaseke. "Ndikufuna dzina, osati mbiri."

Atcheyamani anatsokomola. Bingu linagunda chapafupi. Ine ndinafuna kufuula dzinalo ndekha, koma ndinali ndani pamaso pa akuluakulu?

Mwamuna wanga anaika choko pa benchi yakutsogolo. Anayenda kupita pakona, n'kuima atayang'ana khoma ngati mwana wasukulu wolangidwa, mphunzitsi wathunthu pamaso pa ophunzira ake ndi bwana wake. Kenaka anauza khomalo kuti, "Njira ndi yotsegula."

Panapita kanthawi. Kenaka pakhomo panada, amayi analowa atakokera mpango kumbali imene kunali mkamwini wawo. Anatola choko. Analemba pang'onopang'ono, ataluma mlomo. Choko chinathyoka, anawerama n'kutola kachidutswa, n'kupitiriza. Zilembo zake zinali zazikulu, zokwera chitunda, koma palibe chinasowa. Bwanayo anawerenga dzinalo mokweza. Amayi anayankha kuti, "Ndine," n'kutuluka osacheuka, akuyang'ana chala chawo chimene tsopano chinali choyera ndi choko.

Madontho oyamba anagwa masatifiketi akuperekedwa. Bwanayo anathamangira galimoto, anthu anabalalika, amayi anabisa pepala lawo m'chitenje. Palibe anakumbukira kufufuta bolodi.

Madzulo ake, mvula ikukhuthuka, mwamuna wanga anandifunsa motsitsa mawu, "Kodi analemba bwino?"

"Bwanji osakaona nokha? Bolodi likadali pomwepo."

Anangopukusa mutu. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinamuuza kuti analemba bwino kuposa onse, ngakhale kuti pamenepo ndinawonjezerako pang'ono.

M'mawa mwake tonse tinali kumunda kudzala chimanga, ndipo za sukulu zinaiwalika. Bolodi linakhala m'tchalitchimo, chakumbuyo, dzinja lonse, ine ndinabereka, tinakolola, chisanu chinabwera n'kupita. Mapichesi atachitanso maluwa, mwamuna wanga anandipatsa kansanza. "Mayi, mawa tikutsegula. Kandifufutireni bolodi lija."

Ndinakana. "Utenga wanu ndinatopa nawo. Kafufuteni nokha dzina la apongozi anu."

Pamapeto pake anapita yekha. Ndinamulondola mwana ali kumbuyo, kuti ndione. Analowa akuyang'ana pansi, anagwira bolodi m'mbali, n'kulitembenuza. Kumbuyo kwakeko anakudetsa ndi makala a m'mabatire akutha mpaka kunada bwino.

Amayi sanadindenso chala kumsika. Anamwalira patapita zaka, asanalankhulanepo ndi mkamwini wawo maso ndi maso. Iye anaphunzitsira kumbuyo kwa bolodi lija mpaka pamene anasiya ntchitoyo, dzina la amayi likuyang'ana khoma, losafufutidwa.