Tsiku Limene Kompyuta ya ku Esiteti Inakana Kuima

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene abambo anatengedwa. Anali mphunzitsi kwa Katunga, ndipo wina anakawanenera kuti ayankhula zonyoza khadi la chipani. Galimoto inabwera m'mawa n'kuwatenga, ndipo sitinauzidwe kumene anapita nawo. Amayi ananditumiza kukakhala ndi azakhali anga a Joana, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya zamthirira pa esiteti ina ya nzimbe ku Chikwawa.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi, ndipo ndi azakhali okha amene ankaidziwa. Inkawathandiza kugawa madzi a mu Shire, munda uti ulandire liti komanso kwa maola angati. Nthawi ya holide ndinkawapititsira chakudya masana, ndipo iwo akamadya ankandifotokozera. Anati makinawo samva chilankhulo chathu, koma m'kati mwake muli pulogalamu yomasulira. Imawerenga mzere umodzi wa zimene munthu walemba, imachita, kenako imatenga mzere wotsatira. Anandionetsa mawu otumizira uthenga ku pulinta, mawu ouza womasulirayo kuti abwerere pa mzere woyamba, ndiponso mabatani awiri omuimitsira.

Tsikulo kunatentha kwambiri, malata akuchita kuthetheka. Ndinapeza azakhali atalemba ndondomeko ya madzi a sabata yonse kuyambira m'mawa. Anali asanaisunge, chifukwa madisiki ankatsekeredwa m'kabati ya bwana, ndipo bwanayo anali kuminda. Akapitawo ankayembekezera ndondomekoyo nthawi ya 2 koloko. Azakhali anaitanidwa ku sitolo ya zipangizo, nandiuza kuti ndisakhudze kanthu.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Miyezi isanu inali itatha popanda munthu wotchula dzina la abambo, ngakhale kutchalitchi. Ndinangofuna kuona mawuwo atalembedwa ndi makina, ngati kalata ya boma. Pamwamba pa ntchito ya azakhali ndinawonjezera mizere iwiri. Woyamba unali wakuti pulinta ilembe kuti BWEZANI ABAMBO ANGA. Wachiwiri unali wobwerera pa woyamba, poti ndi mmene ndinaonera. Ndinalamula kuti iyambe.

Pulinta inayamba kulira ngati macheka. Mawuwo anatuluka kamodzi, kawiri, kakhumi, pepala n'kumatsikira pansi likudzipinda. Nditasuzumira pawindo ndinaona anyamata a chipani a malaya ofiira akulowa pageti, tcheyamani wa m'deralo ali patsogolo. Anabwera kudzaona makhadi, ndipo anayambira ku ofesi yoyandikana ndi yathu. Ndinadina batani la pa pulinta, iyo n'kukhala chete. Kenako ndinadina mabatani awiri aja, koma palibe chimene chinasintha. Mizere yanga inali pomwepo pagalasi la kompyuta, zilembo zobiriwira, ndipo makinawo sankamva chilichonse chimene ndinkalemba.

Azakhali atalowa anawerenga pepalalo kamodzi kokha. Sanakalipe. Ndinali nditagwira kale chingwe cha magetsi kuti ndizule, koma anandigwira dzanja mwamphamvu. Ananong'ona kuti ndikazula, ntchito yonse itayika, akapitawo akadandaula, ndipo mlongo wa munthu womangidwa safunika kufunsidwa mafunso awiri. Anandifunsa chimene ndinadina poyamba, ndipo ndinawauza.

"Ndiye wam'tsekera womasulira uja pakati pa mzere, Rozina," anatero. "Amamva zomuimitsa akamaliza mzere, asanayambe wina. Panopa akudikira pulinta, sangatimve. Tiyenera kumulola alembenso."

Anang'amba mapepala onse olembedwa, nawakulunga m'nsalu imene ndinamangira bakuli la mpunga ndi mlamba, n'kundiikira pamiyendo. Anapotokola kabatani kochepetsa kuwala mpaka galasi linada. Kenako anatsegula chivindikiro cha pulinta n'kuchotsa riboni ya inki. Anali adakali nayo m'manja, zala zili bii, pamene tcheyamani analowa.

Anali bambo wamfupi, wa thukuta m'khosi. Azakhali anamulonjera m'Chisena, naonetsa khadi lawo. Iye analitembenuza, koma maso ake anali pa makinawo. Anati kumtunda kukumveka zoti makina otere ndi amene akulemba makalata oipa opanda dzina, ndipo anafunsa chifukwa chake phokoso linasiya iwo atangofika. Azakhali anayankha kuti riboni yauma ndi kutenthaku.

"Yatsani tione," anatero tcheyamani.

Ndinamva mafuta a nsomba akudutsa m'nsalu, akunyowetsa mapepala ndi diresi langa. Azakhali anaika zala ziwiri za kumanzere pa mabatani aja, ngati munthu wongotsamira, ndipo ndi dzanja lamanja anadina batani la pulinta. Inaliranso. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, singano zake zikumenya pepala lopanda inki. Ndinkadziwa chimene zinkalemba, ndipo ndinkawerenga m'mtima chilembo ndi chilembo. Pa mzere wachisanu inaima, ngati yaima yokha.

Tcheyamani anawerama n'kuyang'ana pepala loyeralo. Anadutsitsapo chala. Akanalikwezera kuwindo akanaona timadontho tobooka pang'ono, ndipo timadonthoto tinkawerengeka. Mmodzi wa anyamata aja anaitana panja kuti alonda awiri alibe makhadi. Tcheyamani anaweramuka, anauza azakhali kuti agule riboni ina, n'kutuluka. Azakhali anathokoza m'Chisena kuti takhuta.

Atachoka, azakhali anabwezera kuwala, anafufuta mizere yanga iwiri, anabwezera riboni yomwe ija, ndipo pofika 2 koloko akapitawo analandira ndondomeko yawo. Mpamene ndinaona kuti bulauzi ya azakhali inali itanyoweratu kumsana. Madzulo tinaotcha mapepala onse pambaula, ndi loyera lija lomwe. Ndinkayembekezera ndodo. M'malo mwake anandikhazika pamkeka n'kundiuza kuti nawonso amalemba mawu omwewo m'mutu mwawo tsiku lililonse. Anangowonjezera kuti ndisadzayambitsenso chinthu chimene sindikudziwa mmene chimaimira.

Abambo anatuluka chaka chotsatira, ataonda, mano awiri kulibe. Nkhaniyi sitinawauze.

Lero ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo ndinafika mpaka powerenga m'kati mwenimweni mwa omasulira otere. Zimene azakhali ananong'ona ndinazipeza zili momwemo: pakati pa lamulo lina ndi linzake pali kampata kakang'ono, ndipo ndi pokhapo pamene chochokera kunja chimamveka. Koma chimene ndinachedwa kumvetsa si cha makina. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinachita zolimba mtima. Tsopano ndikudziwa kuti mawuwo anali oona, koma akanapezeka, womangidwa sindikanakhala ine. Akanakhala azakhali, mayi wa zaka makumi atatu amene anali ndi kiyi wa ofesiyo. Iwo ankadziwa zimenezi pamene ankaika zala zawo pa mabatani, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.