Tsiku Limene Ada Anandipatsa Fosholo

Ada, bambo anga, anaphika m'sitima za panyanja zaka khumi, ndipo anafika mpaka ku Argentina. Anabwerako ndi chipewa chimodzi ndi kawotchedwe ka nyama kachilendo. Mbuzi ankaing'amba pamimba, n'kuitambasula pa chitsulo chonga mtanda, n'kuzika chitsulocho chopendekera pambali pa makala. Lawi silinkaloledwa kukhudza nyama. Nkhuni zinkayaka poteropo, iwo n'kumatapa makala ndi fosholo pang'onopang'ono, akuwaza nyamayo madzi a mchere. Fosholoyo palibe ankaigwira, ngakhale Ama.

Anthu a ku Chikale ankanena kuti nyama ya Ada imapsa alendo atakomoka kale ndi njala. Koma pakudya sankasowa.

Chinali chaka cha 1959, nyengo ya mvula. Ndinali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mlongo wanga Yotamu anali atakhoza mayeso a uphunzitsi, ndipo mbuzi ya phwando lake inakwera pa chitsulo m'mamawa. Iye ndi a Manda, oyandikana nafe nyumba, anatsikira kudoko kumene khamu linasonkhana chifukwa cha anthu amene boma la atsamunda linawamanga.

Mfuti za asilikali zitayamba kulira kudoko, ndinali ndikusinja tsabola. Anthu anadutsa pabwalo pathu akuthamanga. Yotamu panalibe.

Ada anavala chipewa kuti akamufune, n'kundipatsa fosholo m'manja.

"Kwerani kwa azakhali ako. Nthiti ziyang'ane moto. Usathamangire kutembenuza."

Tinazula chitsulocho. Ama ananyamula kutsogolo, ine kumbuyo, titakulunga manja ndi masamba a nthochi chifukwa chinali chotentha. Fosholo ndinaibereka kumsana ndi nsalu ngati mwana. Tinadzera m'minda ya chinangwa, matope akufika m'mawondo, agalu atatu akutilondola. Mayi wina amene ankalira m'njira atationa anaseka mpaka kukhala pansi. Ama nawo anaseka, misozi ili chuchuchu.

Kwa azakhali, pamwamba pa phiri, tinapeza anthu ambiri othawa. Mfuti sizinkamvekanso. Ndinasonkha moto poteropo, n'kuzika chitsulo. Azibambo anandizungulira ndi malangizo, ati kolezera moto mwana iwe, tidzadya mawa kodi? Ndinkatapa makala, n'kuyang'ana kunjira, n'kutapanso makala. Ndinali ndi mantha oopsa. Ndinadziuza kuti nyama imeneyi sindiidula mwini wake Yotamu asanafike.

Inapsa dzuwa litapendeka. Khungu linauma bwino, likulira ndikaligogoda ndi mpeni. Ana onse maso anali pa ine. Sindinadule.

Ndiye tinaona chipewa chikukwera m'chinangwa. Ada anali atabereka Yotamu, mnyamata wamtali kuposa iwo, miyendo ikukwekwereza pansi. Yotamu anali atathyoka bondo polumpha mwala, koma anali moyo, ndipo ankadandaula za njala.

Ama anaimba nthungululu. Ine ndinabweza fosholo, koma Ada anakana.

"Wowotcha ndi iwe. Dula."

Analawa nthiti, n'kunena kuti mchere wachuluka. Anadya zina zinayi. Tsiku limenelo tinadya ndi anthu ochuluka kuposa amene tinawaitana, ndipo sindinasangalalepo chotero, ngakhale pa ukwati wanga.

A Manda sanabwerere kuchokera kudoko. Mwendo umene tinawasungira, Ama anakapereka kwa akazi awo m'mawa mwake.