Soseji Yoyera ndi Sutukesi ya Adadi

Ku Bilston, m'kanyumba kathu koyamba kaja kogundana khoma ndi aneba, sutukesi ya adadi inakhala m'kolido kuyambira mwezi wa Febuluwale. Sinali yobisika ayi. Aliyense wopita kukhitchini ankayamba waipunthwa kaye. Inali yabulauni, yomanga ndi lamba, yolongedza kale. Adadi anali atanena kuti Pasaka ikangodutsa akubwerera ku Lilongwe, ndipo adadi sanali munthu wonena chinthu kawiri.

Ine, Tadala, ndinali ndi zaka khumi. Amayi ndi amene anatsogola kubwera, kudzagwira unesi pachipatala chachikulu ku Wolverhampton, ife n'kuwatsatira pambuyo. Kwathu adadi ankayang'anira galaja, anyamata ankadzuka pansi pa galimoto akangomva kutsokomola kwawo. Kuno ntchito yawo inali kundiperekeza kusukulu, kubwerera, n'kukhala pawindo kuonerera mvula. Kofunsa ntchito anapitako kangapo, n'kuuzidwa kuti aimbiridwa foni. Foniyo mpaka lero sinalire.

"Abambo a Tadala, tapirirani pang'ono," amayi ankatero akuvala yunifomu.

"Ndapirira. Dziko lanji lopanda ndi pootchera nyama pomwe?"

Bala lenileni linali pamenepo. Kwathu Loweruka lililonse adadi ankayatsa mbaula pakhonde, ndipo nyama yawo ya mbuzi inkadziwika mzere wonse wa nyumba. Kuno panalibe khonde, panalibe makala, panalibenso wobwera kudzayamikira.

Ine ndinali ndi mantha, ndisaname. Ndinkadziwa kuti akapita nditsala ndi amayi ndi mashifiti awo. Belu lotulukira likalira, ndinkayamba ndasuzumira pageti kuti ndione ngati chipewa chawo chilipo.

Aneba athu anali a Marek, bambo wa ku Poland, wamtali mpaka kuwerama pachitseko, wogwira ntchito kosungira katundu. Chingerezi chawo chinali chochepa. Cha adadi chinali chambiri koma sankafuna kuchiononga. Choncho ankagwirizana bwino kwambiri: moni wa mutu basi.

Loweruka Loyera m'mawa tinamva kugogoda. Anali a Marek atanyamula mbale ya masoseji. Koma masoseji ake, abale inu! Oyera, otuwa, onenepa, ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Fungo la adyo linalowa m'nyumba iwo asanalowe. Anafotokoza ndi mawu pang'ono ndi manja ambiri kuti kwawo Pasaka sidutsa popanda soseji imeneyi. Anati ndi nkhumba yaiwisi, yofuna kuphika m'madzi. Madziwo atenthe, koma asawire. Mawu amenewa anawabwereza chala chili m'mwamba. Asawire. Komanso osaiboola ndi foloko. Anatisiyiranso timasamba touma ndi tinjere takuda toponya m'madzimo.

Adadi analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mwaulemu wonse. Chitseko chitangotsekeka anati, "Mzungu akufuna kundiphunzitsa nyama ine? Nkhumba yosawira? Akufuna tikagone kuwodi kwa amako."

Anatereka poto, n'kutsegula gasi mpaka kumapeto. Madzi anabwata, chivundikiro chikuvina. Kenaka tinangomva phu! Patapita kanthawi, phu! Adadi atavundukula, munalibenso soseji. Munali phala lotuwa la nyama, zikopa zikuyandama pamwamba ngati masokosi. Tinadya ndi buledi. Kunena zoona zinali zokoma, koma ndinaona kuti si tsiku lonena zimenezo.

Vuto linabwera ndi mbale. Kwathu mbale ya mneba sibwerera yopanda kanthu, choncho amayi atabwera kuntchito anakazinga mandasi, n'kutuma adadi ndi ine kuti tikapereke. A Marek anafunsa mmene soseji inayendera. Adadi ankakonza kaye kukhosi, koma ine ndi Chingerezi changa chatsopano ndinawatsogolera n'kufotokoza zonse, mpaka kutengera phokoso lake. A Marek anavala nsapato, kubwera kwathu, kusuzumira m'poto momwe munali zotsala. Anavula chipewa ngati afika pamaliro. Anangowasisita adadi paphewa n'kumapita.

Kusisita kumeneko kunawapweteka adadi kuposa chipongwe. Anakhala pampando nthawi yaitali, kenaka anati, "Amake Tadala, tikiti ija muisunthe. Sindingakwere ndege nditagonja kwa soseji."

Amayi anati chabwino, nkhope ili yomweyo, ngati amva za nyengo.

Umu ndi mmene Loweruka linabwerera m'nyumba mwathu. Soseji imeneyo inkapezeka kusitolo ya anthu a ku Poland ku Wolverhampton, choncho adadi, amene miyezi yonseyi anangozolowera njira ya kusukulu ndi ya kutchalitchi, anaphunzira kukwera tiramu, kasitima koyenda m'tauni. Ankavala jekete ya suti. M'sitolomo ankaloza ndi chala, mayi wogulitsa n'kukulunga, osafunsana mayina. Pobwerera ankandipatsa phukusilo kuti ndinyamule, iwo akuyang'ana kunja ngati munthu wopita kukazenga mlandu.

Koma dzanja lozolowera makala silimva msanga. Adadi ankayamba bwinobwino ndi moto wochepa, n'kuimirira pamenepo manja kumbuyo. Pakapita kanthawi ankayamba kudandaula kuti madzi akungogona, palibe chikuchitika. Ankawonjezera pang'ono, ati kungowadzutsa. Phu! Tinadya phala la soseji milungu ingapo, mpaka amayi anayamba kupempha shifiti ya Loweruka.

A Marek anayamba kumabwera kudzaima nawo. Ndikuwaonabe amuna awiri akuluakulu aja m'kakhitchini kopapatiza, mawindo atachita nthunzi, onse maso m'poto. A Marek ankaloza tithovu ting'onoting'ono tomata pansi pa poto, kusonyeza kuti pamenepo ndi pomwepo. Dzanja la adadi likayamba kuyenda kulowera kugasi, a Marek ankangotsokomola. Tsiku lina potuluka, adadi anamva mmene galimoto ya a Marek inkalirira, n'kunena kuti munthu wodziwa soseji chonchi sayenera kuzunza injini motero. Anatsegula boneti. Pasanapite nthawi, anzawo a a Marek anayamba kumaimika magalimoto awo pakhomo pathu. Koma sutukesi inali pomwepo, ndipo ine ndinkaipunthwabe.

Ndiye linafika Loweruka lina kutayamba kutentha. Amayi anali kuntchito, a Marek nawonso. Tinali awiri. Adadi anaponya timasamba ndi tinjere tija, anadikira madzi atenthe, n'kuchepetsa moto mpaka kutsala kamzere kabuluu. Anatsitsiramo masoseji imodziimodzi. Manja anawaika m'thumba ndipo sanawatulutse. Madzi ankangonjenjemera pamwamba, osabwata. Fungo la adyo linadzaza nyumba. Masoseji anafufuma, n'kulimba, khungu lili see, osang'ambika ngakhale imodzi. Adadi anaikhudza ina ndi supuni, inabwerera bwinobwino. Inali itapsa.

Ndinali mwana koma masamu amenewo ndinkawadziwa: awina, ndiye kuti atha kukwera ndege.

"Zatheka adadi," ndinatero. Maso anga anathawira okha kuchitseko, komwe kunkaonekera ngodya ya sutukesi.

Adadi anandiyang'ana. Anayang'ana m'kolido. Anayang'ananso m'poto nthawi yaitali, ngati akuwerenga nyuzipepala. Kenaka anatulutsa dzanja m'thumba, n'kupotokola gasi mpaka kumapeto.

Tinaimirira pamenepo tikudikira. Madzi anayamba kubwata. Phu! Phu!

"Taona, yaphulikanso," anatero adadi, nkhope ili gwa. "Soseji yovuta iyi. Ukawauze amako kuti ulendo waimanso."

Ndinalira, ine, misozi chuchuchu m'mbale ya phala. Adadi anati ndi adyo.

Amayi atafika anavundukula poto, kuyang'ana adadi, kuyang'ana ine. "Pepani abambo a Tadala," anatero. "Ndiye poti mukadali pano, tandithandizani kukweza sutukesiyi pamwamba pa wadilobu. Ikutchinga njira." Adadi anati aikweza, koma mongoyembekezera.

Zinthu zinasintha. Adadi anapeza ntchito pagalaja ina mpaka kupuma pantchito. A Marek ndi amene anabwerera kwawo, n'kutisiyira poto wawo wamkulu. Ine ndimakhala ku Birmingham ndi banja langa, ndimakwera basi kupita kuntchito ku Edgbaston. Soseji yoyera masiku ano imapezeka paliponse, ndipo mwamuna wanga anagula kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, kamene adadi amakayang'ana ngati kawatukwana. Kutchalitchi kwadzaza abale atsopano obwera kudzasamalira okalamba, ndipo pakati pawo sipalephera bambo wina wokhala phee kumbuyo, wotsatira mkazi wake, wosowa chochita ndi manja. Adadi amamuzindikira msanga. Samulangiza chilichonse. Amangomuitana Loweruka kuti adzaime nawo pa poto.

Pasaka iliyonse adadi amaphika kunyumba kwanga. Masoseji amatuluka osalala, okongola, oti a Marek akanawaona sakanavulanso chipewa ngati pamaliro. Koma pomaliza amasiyamo imodzi, n'kuwonjezera moto. Chaka chino mwana wanga wamwamuna, amene amamva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi, anafunsa chifukwa chake agogo amaphulitsa imodzi nthawi zonse.

Adadi anadikira kaye mpaka itati phu. Kenaka anazimitsa gasi, n'kupukuta manja.

"Sindinaidziwebe bwinobwino soseji imeneyi," anatero. "Ndikadzaidziwa ndidzapita kwathu."