Malata a Nyumba ya a Dainess

A Dainess Mtonga a ku Kapichila sukulu anasiyira giredi seveni, n'kukwatiwa ndi a Mizeck, mlimi wa fodya. Sanali mayi wonyada, kupatula pa chinthu chimodzi: denga la malata limene anagula okha ndi ndalama za mtedza, kapena kuti nshawa, wa m'munda mwawo. Ife oyandikana nawo tinkawaseka kuti akamapita kumunda amayenda chotembenuka, kuopa kuti nyumba ingathawe.

Chaka chatha a Mizeck analowa m'gulu la alimi lotenga ngongole ku kampani ina ya ku Chipata. Lamulo lake linali lakuti wina akalephera kubweza, anzake amulipirire. Chikole analembetsa malata aja. Matalala anang'amba fodya yense, kenako bamboyo anadwala, namwalira nthawi yozizira.

Kumanda, malume a malemu anaima monga mwa mwambo, nafunsa kuti amene akudziwa za ngongole ya malemu anene manda asanakwiriridwe. A m'gulu onse analipo, ndipo wapampando wawo, a Ennie, anali atagwirizira namfedwayo paphewa. Palibe anatsokomola n'komwe. A Dainess anamva kuti ngongole yapita pansi ndi mwini wake. Nanenso ndinamva choncho, ndimo tinakulira. Koma kampani sipita kumaliro.

Mauthenga achingerezi atayamba kulowa pafoni ya malemu, a Dainess anang'amba pepala m'kope la mwana n'kulemba mwaulemu wonse: "Kwa akulu a kampani. Ndine mkazi wa malemu Mizeck. Pamalilo anafunsa, simunakambe. Ngati nkongole ikalipo, nilindilenkoni nikolole nshawa." Anapalasa njinga mpaka ku boma kukasiya kalatayo ku ofesi ya kampani. Analembanso ina, ndi inanso, akuwonjezera ulemu ngati kuti ndiwo unkaperewera. Yankho linali uthenga womwewo, chiwongoladzanja chokha chitanenepa. Amati mlandu suola. Ngongole imeneyi inkachita kuphuka.

Mu Novembala, mitambo itayamba kuda, kampani inauza gulu kuti lilipire kapena libweretse chikole. Anafika a Ennie m'mawa, ndi amuna a m'gulu, makwerero ndi ngolo.

"Monire, anyaMtonga," anatero a Ennie, maso ali pansi. "Pepani. Tikapanda kutenga, azabwela kusasula nyumba zathu."

"Pamanda paja munali na ine," anayankha a Dainess. "Simunakambe chifukwa chani?"

"Nikanaimilila bwanji, mtembo uli pamenepo, imwe mulila? Anthu akanati nilibe umunthu."

Zinandipsetsa mtima, komabe sindinganene kuti a Ennie ankanama. Nayenso ali ndi ana ndi denga.

A Dainess sanalire. Anatulutsa mphasa, ndowa ndi ana, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kumvetsera misomali ikulira. Amunawo atafika pangodya yomaliza, mayiyo anaimirira.

"Siyankoni limodzi chabe," anatero.

"Pamene mugona?" anafunsa a Ennie.

"Iyayi. Apo pali thumba la mbeu. Ikavumbwa, nizabweza na chani?"

Amunawo anayang'anizana, n'kutsika, lata limodzi atalisiya pangodyapo. Mvula inagwa madzulo a tsiku lomwelo, ndipo a Dainess ndi ana awo anaima mothithikana pangodya ija, miyendo ili m'madzi, thumba atalinyamula m'manja.